Oyilo Sanama

Ndinaifikitsa kwa a Yotamu Shawa ku Kapata
dzuwa lisanalase, ikukoka miyendo,
Corolla yodutsa m'manja mwa anthu atatu isanandipeze.

"Ikumva pati?" anafunsa osandiyang'ana.
Ndinati: m'mawa ndikaika pa D
imayamba yaganiza kaye,
ngati mwana wotumidwa kusitolo mvula ikugwa.
Ndimawerenga mpaka kasanu, kenaka gu! ndiye kunyamuka.
Pachitunda cha ku Kanjala injini imalira mosweka mtima
koma matayala samva,
anjinga a makala amandipitirira akuliza belu.

"Nanga chambuyo?"
Chambuyo imapita bwinobwino, yosanyinyirika.
Anaseka. "Tonse tikakula timatero."

Sanagwire sipanala.
Anati ndilize injini itenthe, phazi pabuleki,
ndiyendetse ndodo pa zilembo zonse, chimodzichimodzi,
iwo khutu ali tcheru, dzanja pachitseko,
ngati namwino womvera mwana m'mimba.
Kenaka anasolola kawaya ka oyilo wa giya,
napukutira papepala long'amba m'kope la mwana wasukulu.

"Uyu amayenera kufiira ngati madzi a chidede."
Tinaona tonse: bii, ngati Lunkhwakwa mu Januwale.
Anandiika pepalalo pamphuno.
Fungo la nyemba zopserera, mwini mphika ali kumaliro.

"Munathiramo chiyani?"
Palibe.
"Mumanyamula chiyani?"
Anthu basi, anayi, kuchokera ku Mwami kubwera m'tauni.
Sananditsutse. Anangoitana Tisauke,
mtsikana wophunzira ntchito, wa ovolosi yopinda katatu m'miyendo.
Anayala katoni, nalowa kunsi chagada.
Mabawuti khumi ndi asanu ndi atatu, anawerenga mokweza,
limodzi linali lachilendo, lomangidwa ndi munthu wofulumira.

Atatuluka anandiika m'dzanja kamaginito
kovala ubweya wotuwa, utuchi wachitsulo,
ndi sefa yotsekeka ngati mphuno ya chimfine.
"Izi ndi mbale za mkati," anatero, "zadyana zokhazokha."
Ndinafikisa ndi chala. Zosalala ngati mwaye.

Pamenepo zonse zinabwera zokha, zosaitanidwa:
matumba khumi ndi awiri a nshawa a ku Chadiza,
bampala likupala msewu;
tsiku lija ndinakoka vani ya alamu anga
m'matope a ku Mtenguleni, utsi uli tolotolo;
ndi botolo lija la chakumwa, lodzaza oyilo wopanda dzina,
ndinagula madzulo pamphambano ya ku Lundazi
chifukwa wa m'sitolo anali mtengo wa nsapato za Zindaba.
Ndinaulula ndikuyang'ana nyerere pansi.

A Shawa anapukuta manja pang'onopang'ono.
"Ine ndinamva kale. Mwini amanama, oyilo sanama.
Tithira watsopano, tisintha sefa.
Mwina ikupatsani chaka. Mwina ikupatsani Lachisanu.
Ikakana, ndiye giyabokosi ina, yochokera ku Lusaka."
Mtengo wake sanaunene pakamwa,
anaulemba ndi chala pafumbi la galasi lakumbuyo.
Ndinaufufuta ndi chigongono ndisanafike kunyumba.

Lero ndi Lachitatu.
Wailesi ndinazimitsa, ndimayenda ndikumvetsera.
M'mawa ndaika pa D, ndawerenga:
modzi, wiri,
yanyamuka, mwaulemu, ngati yaiwala.
Pa Kanjala yakwera yosakuwa,
wanjinga mmodzi ndamusiya kumbuyo.

Koma apa pamsika wa Loweruka
mayi wina akundikodola, ndalama ili kale m'manja,
pambali pake matumba asanu ndi limodzi a mbatata,
akuti ku Mchini chabe, si patali.
Fizi ya Zindaba yatsala theka.
Injini ikung'ung'udza pansipansi,
phazi langa lili m'malere, pakati pa buleki ndi moto,
ndipo ine tsopano ndi amene ndikuwerenga mpaka kasanu.