Kusaka Moto ku Bangula

Kandege aka kanali ka malume Zuze.
Injini yake anaichotsa m'makina odulira udzu ku Nchalo
chaka chomwe anawapumitsa ntchito.
Madzi a Ruo atalowa m'nyumba, kanapulumukira padenga
pamodzi ndi nkhuku ziwiri ndi wayilesi.
Eni ake anapita m'Juni, ndi chifuwa.
Lero kali pabenchi panga, pakati pa matcheni a njinga zamoto,
ndipo kakukana kulira.

Ndazunguza pulopela kakhumi, kamakumi awiri.
Kamangoti fu, fu, ngati mbuzi yachimfine.
Petulo alimo, ndasakaniza ndi oyilo monga ankachitira iwo,
m'botolo lomwelo lolembedwa mzere ndi msomali.
Mpweya ukupanikizika bwino,
pulopela yabwerera n'kundisupula chala.
Ndiye kwatsala moto.

Ndamasula pulagi. Yanyowa, yada bii.
Ndaipukuta ndi malaya, ndaipala ndi sandipepa,
kukamwa kwake ndayeza ndi lezala lakale
lomwe ndinalipeza m'bokosi lawo, lokulunga m'pepala la shuga.
Ndaigunditsa ku chitsulo cha injini, ndazunguzanso.
Palibe.

Koma ndani angaone kamoto pa dzuwa la Okutobala kuno,
pomwe ngakhale mthunzi wa mnimu ukuotcha?
Ndanyamula zonse kulowa m'nyumba,
ndatseka chitseko, pawindo ndapachika thumba la thonje.
Lufina, mwana wawo wotsiriza, walowa nane osaitanidwa.
Kuyambira pamaliro sanena zambiri.

Mumdima ndayamba kufunsa chimodzichimodzi.
Batire ndalilawa ndi lilime, likuluma.
Swichi ndaidumphitsa ndi kawaya.
Kamaginito kumbuyo kwa pulopela kadakakoka singano,
ngakhale dzimbiri la chigumula lakamata m'mbali.
Ndalikanda, ndasendeza kachipangizo komva maginito
mpaka patsale mpata wa khadi la mayunitsi.
Thukuta likudonthera mu kabuleta.
Ndayamba kuwerengera mtengo wa koyilo yatsopano
ndi wa minibasi yokwera Thabwa mpaka ku Limbe,
ndipo mumtima ndawakalipira malume:
munthu wa ana asanu, kumanga chidole chodya petulo!

Gwira apa, ndamuuza Lufina, manja anga sakukwana.
Wagwira waya wakuda pakatikati.
Ndazunguza.

Mayo! Wadumpha, wagunda chidebe, wayamwa chala.
Kenako waseka.
Kuseka kwenikweni, kwa mano onse, koyamba m'miyezi inayi.
Wandiluma, akutero, ulipo, wandiluma!

Ndayatsa tochi ya foni.
Pansi pa waya, mbali yoyang'ana ku thupi la ndege,
pali timano ta khoswe, tiwiri, tosaoneka bwino.
Moto unalipo masiku onsewa.
Umanyamuka bwinobwino, koma umathawira panjira,
kudumphira pachitsulo usanafike komwe ukuyembekezeredwa.

Ndadula waya wa njinga ya Alufandika
(abwera Lachisanu, ndidzaona chonena),
ndalumikiza, ndamanga ndi mphira.
Tazimitsa tochi.

Tche.
Kamoto kabuluu, kochepa kuposa njere ya mapira.
Zunguzaninso, akutero Lufina. Tche.
Zunguzaninso.

Panja, ndaponda mchira ndi bondo,
ndatseka mpweya ndi chala, kawiri, n'kutsegula.
Kachitatu kakhosomola. Kachinayi kakuwa
mpaka a kabaza pasiteji atembenuka,
fumbi lathawa, nsanza zauluka pabenchi,
utsi ukununkha ngati malaya a malume Loweruka madzulo.

Kuulutsa sindidziwa, ndinene zoona.
Ndinkangowanyamulira botolo popita kubwalo la ndege lakale
komwe ng'ombe zimadya.
Lufina watenga kale limoti, wakoloweka chingwe m'khosi,
zala zake zapeza timitengo tija popanda kuyang'ana.
Akuti ankamuphunzitsa ine ndikapita kukagula petulo.

Mawa m'mamawa, ndamuuza, mphepo isanadzuke.
Wagwedeza mutu, akuyamwabe chala.