Mawu Osapitirira Mazana Atatu

Fomu ikuti: fotokozani ntchito yanu
m'mawu osapitirira mazana atatu.
Ndakhala pakhonde kuno ku Matundo,
laputopu ikundiwotcha ntchafu ngati mbaula,
Tete naye sanazizire chilowereni dzuwa,
ndipo chiyambi ndachifufuta kasanu ndi kawiri.

Ndilembe kuti chiyani?
Kuti ndimaweta mtsinje m'kompyuta?
Revubwe ndinamuduladula tizidutswa
zikwi mazana anayi, kalikonse ndi nambala yake.
Ndimagwetsa mvula ku Angonia ndi chala chimodzi
n'kudikira kuti madzi afika liti ku Chingodzi,
ayambira khomo la yani,
alekezera m'mawondo kapena m'khosi.

Koma kamakina kangaka kamatha masiku asanu ndi anayi
kuwerengera chigumula cha usiku umodzi.
Pomwe yankho likutuluka
anthu ayanika kale mphasa,
mbuzi zakufa akwirira kale.
Ndiye ndikupempha zaka ziwiri,
kamalipiro, ndi maola pa chimakina chakutali
chomwe chimabubuda masamu a mwezi wathunthu
munthu asanapemerere tiyi.

Amalume a Jekete sizikuwalowa.
Anagulitsa ng'ombe ziwiri ku Ulongwe
chaka chomwe ndinkalowa yunivesite.
"Suja unamaliza, Felizarda?
Suja anakuveka chipewa chamakona chija?
Kuseri kwa udotolo kulinso kalasi ina?"
Dzana anandibweretsera bondo lawo lotupa.
Ndinati, udotolo wanga si wa zimenezo.
Anatsitsa mwendo wa buluku pang'onopang'ono,
n'kufunsa ngati madzi akumwa alipo.

Makalata aumboni akufuna atatu.
Awiri afika.
Apulofesa achitatu ali ku Maputo,
foni yawo imangoitana
ngati mwana amene amake apita kumaliro.

Mita ya magetsi yatsala ndi mayunitsi anayi.
Uko nthambo zochokera ku Songo
zikung'ung'udza pamwamba pa malambe,
zanyamula mphamvu kupita kwa eni ndalama.
Sindikudandaula. Ndikungonena.
Izi m'fomu mulibe pozilemba.

Bokosi lachisanu ndi chimodzi: adzapindule ndani?
Ndalemba kuti Mayi Zefa Alufinete,
ogulitsa nsomba za chikowa pa Kwachena,
amene madzi anawapeza m'tulo,
anathawa ndi mwana kumsana ndi wailesi kumanja,
kalata yobadwira ya mwanayo n'kupita ndi Zambezi.
Mpaka lero kusukulu amawabweza.
Bokosilo lafiira. Likufuna manambala okha.

Opempha, akuti, timakwana mazana asanu ndi limodzi.
Malo alipo asanu ndi atatu.
Musandiwerengere, masamu ndi ntchito yanga.
Ena akulemba ali m'zipinda zozizira,
ena mwina ali ngati ine,
akukupiza makina ndi chivundikiro cha poto,
ndipo sindingawafunire tsoka.
Komabe fisi akagwa m'mbuna sayankhula,
ine ndikuyankhula, ndiye kuti ndikadali kunja.

Kauntala pansi pa tsamba ikuti mawu achuluka.
Ndachotsa amalume ndi bondo lawo.
Ndachotsa kutentha.
Mayi Zefa ndawasandutsa "mabanja okhala m'madera otsika,"
mwana wawo walowa m'peresenti.
Mazana awiri mphambu makumi asanu ndi anayi
ndi asanu ndi atatu.
Yasanduka yobiriwira.

Chitseko chitsekedwa pakati pa usiku,
usiku wa kwawo, osati wathu.
Ndadina. Kabwalo kazungulira, kazungulira,
netiweki yatsokomola kamodzi,
kenako: talandira, zikomo,
komiti idzayankha mu Epulo.

Epulo.
Ndatsegulanso zenera lina lija.
Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi la kuwerengera,
madzi anga abodza angofika kumene
pa sitepe yoyamba ya tchalitchi.
Kumtunda, cha ku Zobwe,
kukung'anima kopanda mawu,
ndipo mphepo yayamba kununkha dothi.