Magetsi Atazima ku Laitumkhrah

Ndine ndinawabweretsa, magulu onse awiri,
pa takisi yanga yakuda ndi yachikasu
yomwe imatsokomola pokwera zitunda za Shillong.
Ulendo woyamba, Agalu a M'chifunga:
anyamata anayi, tsitsi lofika m'mapewa,
sipika yawo ili pampando wakutsogolo
nditaimanga lamba ngati wodwala.
Ulendo wachiwiri, Misomali ya Dzimbiri
ndi mtsikana wawo wa ng'oma, Ibadahun,
amene masana amagulitsa mankhwala a chifuwa,
akumenya timitengo take pabondo njira yonse
osayankhula ndi munthu.

Mvula ya kuno sigogoda.
Inatipeza pakhomo pa holo,
magitala tinawafunditsa majekete,
eni akefe tikunyowa.

Mabandi asanu ndi awiri.
Mphoto: chikho cha chitini, tsiku limodzi mu situdiyo,
ndi ndalama zosakwana matayala anayi.
Oweruza atatu patebulo la nsalu yobiriwira,
wina akutafuna kwai, milomo ili psuu,
wina chala chili m'khutu.

Ine za roko sindizidziwa.
Ndimangodziwa kuti Wanphrang, woimba wa Agalu,
ali ndi ngongole yanga ya maulendo atatu.
Koma atakuwa pa maikolofoni,
mitsempha ya pakhosi itaima ngati mawaya,
malata a denga anamuyankha,
ndipo ndinamukhululukira ulendo umodzi.

Misomali inakwera nsanja cha m'ma naini.
Nyimbo yoyamba, bwinobwino.
Yachiwiri ili pakati,
gitala akukwera phiri lake,
thii!
Mdima bii.
Magitala anasanduka matabwa.
Wa jenereta anali atapita kukamwa tiyi.

Koma ng'oma sizidya magetsi.
Ibadahun sanaleke.
Du, du-du, tsa! Du, du-du, tsa!
Mwina sanaone n'komwe kuti kwada,
paja amaimba atatsinzina.
Mvula padenga inalowa m'mapazi mwake,
mapazi a anthu analowa m'mvula.

Ndinathamangira panja,
ndinakweza takisi pamasitepe awiri,
nyali zake ndinazilozetsa pakhomo.
Kuwala kunadutsa pakati pa mitu yonyowa
n'kumupeza: thukuta, mano, mikono.

Apo mawu anatuluka kumbali kwa nsanja.
Wanphrang!
Akuimba kolasi ya adani ake,
liwu lililonse, popanda maikolofoni.
Akanalephera bwanji?
Magalaja awo anasiyana khoma limodzi.
Miyezi isanu ndi umodzi wakhala akuimva nyimboyo
ikudutsa m'njerwa, iye akuitukwana,
osadziwa kuti yamanga nyumba m'mutu mwake.

Magetsi anabwera nyimbo itatha,
ngati wapolisi wofika ndewu italekeka.

Chikho chinapita kwa ana asukulu ovala mataye
amene anaimba komalizira, osaphonya kanthu.
Woweruza wa chala m'khutu anawerenga lamulo:
nyimbo yopanda gitala siwerengedwa,
ndipo woimbira gulu lina wadzichotsa yekha.
Wina anaponya khoko la lalanje.
Linagwera pa ine.

Panja, kiyi ndinapotokola kasanu. Zii.
Batire linathera m'maso mwa anthu.
Choncho Agalu ndi Misomali,
anthu asanu ndi anayi, mapewa pagalimoto,
anakankha, akukangana za amene anataya mphoto,
nsapato zikuterera m'matope,
mpaka injini inatsokomola n'kudzuka.

Tinatsika phiri ulendo umodzi,
masipika padenga atafunda pulasitiki,
miyendo ya wina pamiyendo ya mnzake,
khosi la gitala litatulukira pawindo.
Sindinawerenge mitu.

Ibadahun anagona tisanafike pamlatho,
mutu pachikwama cha Wanphrang,
chala chimodzi chitatupa thuza.
Ndinamuona pagalasi:
manja ake anali asanamve kuti mpikisano watha.
Pabondo, pang'onopang'ono,
du, du-du, tsa.

M'mawa ndinapita kukafunsa mtengo wa batire.
Khutu lakumanzere likulirabe.