Wosesa M'mbuyo mwa Othamanga

Chaka choyamba anali makumi anayi ndi atatu okha.
Ndikudziwa, poti makapu awo ndinatola ndi manja,
tsache silinatsike n'komwe pangolo.
Wapolisi mmodzi wa njinga yamoto ndiye ankatsogolera,
mabasi a mu Recife osaima, madalaivala akulalata pawindo,
ndipo galu wa Valdemar wogulitsa nkhanu
anamaliza wachisanu ndi chiwiri.

Jurandir wanga anali m'gulu lomwelo.
Nambala ndinamusokera usiku
pa kachigamba ka thumba la ufa.
Inki inasungunuka asanawoloke mlatho wachiwiri,
anafika kunyumba chifuwa chili bii,
akuseka chikhakhali,
mphotho ili m'manja: nthochi ziwiri ndi madzi a nzimbe.

Lero akuti zikwi makumi atatu.
Kaya. Ine sindiwerenga anthu,
ndimawerenga matumba a zinyalala,
ndipo chaka chatha tinadzaza malole asanu ndi limodzi
pa Rua da Aurora pokha.

Mzinda amautseka tambala asanalire.
Zitsulo mbali iyi, zitsulo mbali iyo,
zimkuzamawu zikuyesedwa mpweya,
ndege yopanda munthu ikulira pamwamba ngati udzudzu wonenepa.
Abwera a ku Nairobi, a ku Osaka, a kumene sindingathe kutchula,
nsapato imodzi malipiro anga a miyezi iwiri.
Kale dzina lako ankalemba m'kope
bambo wina wa pensulo kukhutu.
Tsopano kachitsulo ka pachifuwa ndiko kamakunenera kwa makina.

Akutsogolo sataya kanthu.
Amangodutsa fyuu, mapazi osamveka,
ukaphethira waona misana.
Kenako chigumula.
Phazi, phazi, phazi, ngati mvula yoyamba pa malata,
makapu kugwa ngati matalala,
msewu kuterera ndi makoko a malalanje,
fungo la mafuta opaka m'miyendo kugonjetsa
ngakhale la mtsinje wa Capibaribe madzi akaphwa.

Anga ndi akumapeto.
Mayi Ivonete, bondo lomanga bandeji,
milomo ikung'ung'udza pemphero kapena mwano, sindidziwa.
Kumbuyo kwawo basi yotola otopa ikukwawa,
iwo osaicheukira.
Kumbuyo kwa basiyo ndife,
a malaya a mtundu wa lalanje,
mpikisano wathu wopanda mendulo.

Jurandir anathamanga kakhumi ndi kasanu ndi kanayi.
Anayamba ndi mawondo, kenako mtima.
Sanagwere pa msewu wake uno ayi,
anagwa Lachiwiri wamba, akudikira basi,
m'thumba muli risiti ya magetsi.
Nsapato zake zikadali kunsi kwa bedi,
zidendene zodyeka mbali imodzi
monga ankayendera mwini wake.

Chaka chino wathamanga chitsirizira chathu, Taiane.
Nambala yake yaitali ngati ya foni.
Anati, amayi, mukandione pa mtengo wa pakona paja.
Ndinaima. Ndinasuzumira mpaka khosi kuwawa.
Nkhope zikwi, zonse zofiira, zonse pakamwa yasa,
foni kunjenjemera m'thumba kuti wadutsa,
ine osamuona.
Mwana wobala ndekha kundidutsa ngati madzi.

Dzuwa litafika pamutu anachotsa zitsulo.
Tinalowa ndi matsache, anthu makumi awiri
pamalo pomwe kale ndinkakwana ndekha.
Makapu ophwanyika, opondedwa, omatirira pa phula,
nyanja yoyera ya mapepala.

Koma pangolo yanga, pakati pa fosholo ndi magolovesi,
panali kapu imodzi yoimikidwa bwinobwino,
madzi ali theka,
m'mphepete mwake mopindidwa kawiri
monga ankapindira bambo ake.

Ndinamwa.
Anali ofunda, a fungo la pepala.
Basi yoyamba inaliza hutala kumbuyo kwanga,
ndinakankha ngolo, n'kuipatsa njira.