Ndi Zingati?

Mayi Daka aimba Lachiwiri m'mawa:
"Ya Tisauke wanga, akukwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri.
Ikhale yapinki, pamwamba agulugufe,
dzina lake mulembe mopendeketsa.
Ndi zingati?"

Lilime langa lauma ngati chitsononkho.
"Ndikuuzani madzulo," ndatero,
ngati kuti madzulo anapita kusukulu ya masamu.

Ndabwereka kope la mwana wanga,
kumapeto kumene masamba adakali oyera.
Fulawa, kumsika wa Kapata, wakweranso dzana.
Shuga. Majarini. Mkaka.
Mazira asanu ndi atatu kwa Zelipa wa ku Mchini,
limodzi linatuluka lovunda,
kodi limenelo alipire ndani?
Shuga wa ayisingi, wouluka ngati fumbi la Okutobala,
theka pakeke, theka m'nsidze zanga.
Bokosi loyera. Riboni.
Wanjinga wochoka nane ku Navutika mpaka ku Kalongwezi,
keke pamiyendo ngati khanda lochokera kuchipatala,
ine ndikukalipira dzenje lililonse la mumsewu.

Ndawonkhetsa kawiri, pensulo ndaiseteka:
makwacha mazana atatu ndi makumi anayi.

Koma kope lilibe mzere wa magetsi
amene anathima keke ili pakati pa kufufuma,
n'kubwerera pansi ngati munthu wamva uthenga wa maliro.
Lilibe mzere wa makala a usiku uja,
mchenga m'poto, moto pansi, moto pachivundikiro,
ine chogwada pambaula mpaka tambala woyamba.
Agulugufe ndinaumba khumi ndi mmodzi pophunzira,
asanu anathyoka mapiko,
mmodzi anadyedwa ndi nyerere,
ndipo dzanja ili linakana kugwira tsache m'mawa mwake.
Zimenezi zilembedwe pati?

Mwezi watha ndinapangira alamu anga yachinkhoswe,
yosanjikiza kawiri.
Anati, "Chibale ndi fupa, sichiwola,"
n'kundipatsa zikomo wamkulu ndi chitenje chakale.
Ndinapita naye zikomo uja kwa wogulitsa fulawa,
anamuyang'ana uku ndi uku,
anati ndalama yotere kuno sitilandira.

M'tauni muli keke zogona m'galasi,
mazana awiri ndi theka, ungoloza ndi chala.
Zimenezo ndizo zimandinong'oneza usiku:
iwe wayamba dzulodzuloli, tsitsa,
ungathawitse anthu.
Ndatsitsa. Ndafufuta. Ndatsitsanso.
Pepala labooka.

Mtengo wanga wakhala kamtengo ka m'mbali mwa njira,
wodutsa aliyense athyolako nthambi,
wina mswachi, wina mkwapulo wa mbuzi,
kenaka adabwe kuti sikabala.

Ndiye pansi pa riboni, pansi pa wanjinga,
ndawonjezera chinthu chimene sindinagulepo kumsika:
Manja a Tikambenji, maola asanu ndi limodzi.
Ndaliyang'ana dzina langa
lili pamzere umodzi ndi mazira,
ndaseka ndekha,
koma sindinalifufute.

Madzulo afika osaitanidwa.
"Mazana asanu ndi makumi asanu, mayi,
theka mutumiziretu pafoni."
Mawu atuluka akunjenjemera miyendo,
koma atuluka.

Zii.
Ndikumva wailesi ya kwawo, ndikumva supuni m'kapu.
"Ha! Keke kapena mbuzi?"
"Keke, mayi. Ya mazana anayi iliponso, yopanda agulugufe."
"Ndiganize kaye."

Lachitatu foni yagona chafufumimba.
Ndaigwedeza, ndaiyang'ana ngati yadwala.
Ndachapa mapoto oyera kale.
Ndatsala pang'ono kuimba ndekha,
kupepesa chifukwa cha manja anga,
mwana wandilanda kope kuti alembe za kusukulu.

Lachinayi usiku, magetsi atathimanso,
kakuwala pathebulo:
theka lija lalowa, kuchotsapo makumi awiri,
ndi mawu ochepa pansi pake,
"Agulugufe akhale asanu ndi awiri. Asathyoke."

Makumi awiriwo tidzakambirana Loweruka pageti.
Pakali pano ndikufuna machesi,
ndipo mazira ndiyamba ndawaviika m'madzi
ndione loyandama.