Mtembo Wachitatu Kuchokera Kumanzere

Loweruka, usiku utapita ndithu,
mvula ikukolopa misewu ya Yau Ma Tei,
ine ndi bambo anga tikukwera masitepe,
ndodo patsogolo, iwo pambuyo.
Masitepewo ndi makumi awiri kudza limodzi.
Ndimawadziwa, poti pa lililonse amatukwana bondo.

Holoyi imanunkha mbuliwuli ndi kapeti yonyowa.
Tilimo anthu osakwana makumi atatu:
ana asukulu odzola ufa kumaso,
dalaivala wa takisi amene wabwera kudzagona,
ndi mayi Auyeung ogulitsa matikiti,
amene kanemayu amuonera kosawerengeka
koma amakuwabe pamalo omwewo.

Mdima bii.
Chithunzi chili ndi zipsera, mawu akutsogola milomo,
mwezi ndi wa katoni, msomali wake ukuonekera.
Kenako kabelu, ngwee, ngwee,
awo anamapopa atulukira pa phiri,
mikono yowongoka ngati akuyeza nsalu,
mapepala achikasu ali lende pamphumi.
Sayenda ayi, amanjanja,
miyendo pamodzi, di, di, di,
maliro othawa manda ali pamzere.

Chigongono cha bambo chandipeza m'nthiti.
"Uyo. Wachitatu kuchokera kumanzere."
Ngati kuti ndingaiwale.
Mnyamata wowonda, mano apulasitiki,
zikhadabo zomata ndi guluu,
Szeto Kam-chuen, zaka makumi awiri,
dzina limene silituluka pa mndandanda wakumapeto.

Mphepo yachotsa pepala. Zayambika.
Wansembe wasolola lupanga lamtengo,
theche la m'chifuwa, tebulo phwaa,
mpunga wowaza ukuthetheka pa khungu lakufa,
bambo anga akuuluka chagada kudutsa zenera,
waya wowakoka akuoneka poyera
ndipo holo yonse ikuwombera m'manja wayayo.
Ife timamukonda chonchi kanemayu,
ndi zigamba zake zomwe,
magazi ake ofiira mopitiriza ngati tomato wa m'botolo.

"Zenera limenelo ndinalidutsa kakhumi ndi kanayi,"
akunong'ona. "Amalipira kugwa kumodzi kokha."
M'kanemayu amafa kasanu ndi kamodzi,
chipewa chokha n'chimene chimasintha.

Tsopano pafika paja.
Mtembo suona, umanunkhiza mpweya wa amoyo.
Mtsikana wabisala kuseri kwa bokosi, wadzitsina mphuno,
nkhope yotuwa ikufwenkha pafupi ndi khutu lake.
Palibe watiuza, koma tonse tagwira mpweya,
ana asukulu, mayi Auyeung, ine,
ngakhale wa takisi wasiya mkonono.
Holo yonse zii.
Chomveka n'chifuwa cha bambo chokha,
kalikhweru kaja adokotala anati tikazolowere.
Iwo sangathenso kuugwira.
Akuseka chamumtima, mapewa akugwedera,
akuyang'ana mnyamata uja akuwasaka mumdima.

Wina angati n'zachibwana, mizukwa yomenya karati.
Ndilibe naye mlandu.
Ine kuno ndi kokha kumene ndimaona mawondo awo
akupinda ndi kudzuka osapempha chilolezo.

Magetsi ayaka. Palibe wawazindikira.
Ana aja atipitirira akunjanja, akuseka,
wina mpaka kupepesa pogunda ndodo.

Tatsika pang'onopang'ono. Patsala sitepe limodzi
andipatsa ndodo ija, "Tagwira."
Awongola mikono. Aumitsa khosi. Maso gaa.
Di.
Kamodzi kokha, kadumphidwe kosaposa chala,
koma ndamva pansi pakuvomera.

Mayi Auyeung atuluka m'kachipinda kawo,
anyambita tikiti yong'ambika
n'kuwamata nayo pamphumi.
Bambo aima nji, osaphethira,
mvula ikudontha kuseri kwawo,
basi yomaliza ikudutsa yopanda anthu.

Ndikudikira kuti aseke.
Ndikudikirabe.
Ndazindikira mochedwa kuti wagwira mpweya ndine,
mpaka kapepalako kanyamuka pang'ono
ndi mpweya wa m'mphuno mwawo.