Mtengo wa Nyumba

Lachiwiri m'mamawa ndinakwera kombi ku Mabvuku,
envulopu yakhaki nditaifukata ngati mwana wodwala.
Mkatimo muli nyumba ya bambo anga:
mapepala asanu ndi awiri, chidindo cha khonsolo,
ndi dzina lawo, Jailosi Chimtengo,
limene kalaliki wina analemba kuti Chimutengo
osafunsa n'komwe kuti ku Dedza n'kuti.

Zaka makumi atatu anaphikira eni ake ku Highlands.
Anatisiyira zipinda zinayi ndi mpeyala kuseri.
Mpeyalawo ndinadula ndine.
Ndinadula mtengo kuti nyumba ikwere mtengo,
ndinakongola kwa aja a ngongole zamsangamsanga
n'kumanga zipinda zitatu za alendi,
ndikuti lendi idzabweza yokha.
Lendi imabwera ndithu, koma imayenda wapansi,
chiwongoladzanja chili pa njinga yamoto.

Ku banki, pansanjika yachitatu,
Mai Mudzingwa anandilozera mpando wawofuwofu.
Akuti ngongole yanu yakaleyo tiigula ife,
tikupatsani ina yaitali, yopumira m'njira,
zaka zisanu m'malo mwa chaka ndi theka.
Ndinati: ndiye ndikwirire dzenje ndi dothi la dzenje lina?
Anaseka. Akuti dzenje ndi lomwelo, amayi,
tingolitambasula kuti pogweramo musathyoke mwendo.

Kenaka cholembera chawo chinayamba kutsetsereka.
Ya woyesa nyumba. Ya loya. Ya inshulansi.
Ndi chindapusa kwa oyamba aja, chifukwa ndawabwezera msanga.
Msanga!
Kwathu wobweza msanga amamuthokoza.
Anafunsanso: mukufuna ya madola kapena yakuno?
Ndinaona kabuku ka ndalama ka mayi anga
chaka chija maziro anaswana ngati nsabwe,
ndalama yoti igule ng'ombe
osakwanira ndi buledi yemwe.

Njira zina ndimaziwerenga usiku magetsi akazima.
Chipereganyu cha amayi a mvano, kuno amati mukando,
chidzandipeza mu Okutobala, malata okha sichikwanitsa.
Mlongo wanga Lingisoni ku Joni akuti atumiza mawa lomwe
bola dzina lake likhale papepala, theka kwa theka,
iye amene ndi pamaliro pomwe anangoimba foni.
Wakatapila wa pa Kamunhu wayamba kundipatsa moni
ndisanamuone,
akufunsa ngati ana ali bwino, akutchula maina awo.

Ndiye alendi anga.
Tarisai amalipira pa tsiku loyamba, ndalama zosalala ngati zasitidwa.
Aphunzitsi a chipinda chakumapeto akufuna thanki ya madzi
apo ayi asamuka, mipopi inauma kalekale.
Mnyamata wapakati ali ndi miyezi iwiri.
Amatuluka kusanache, nsapato zili m'manja,
ndimamumva, ndimangotembenukira kukhoma.
Banki ikufuna onsewa ndiwalembe mu mzere umodzi:
zolowa pamwezi.

Bambo sanakongolepo ndi mchere womwe.
Ankati nyumba ya mlendo m'dziko la eni
ndiye chiphaso chake, ndiye manda ake.
Lero ndaibweretsa m'envulopu
kuti ikhale chikole kachiwiri.

Mai Mudzingwa anatembenuza pepala, nandipatsa cholembera.
Ndinalemba Chimtengo, monga anandiphunzitsira.
Anayang'ana, nayang'ananso chikalata chakale,
nati pepani, lifanane ndi la pachidindo.
Anatulutsa pepala lina loyera.

Ndinaika kachilembo ka kalaliki uja pakati pa dzina lathu,
pang'onopang'ono, ngati ndikumeza mankhwala.
Kunja dzuwa linali pamutu.
Mawindi akuitanira Tafara, Mabvuku, Tafara,
ndipo envulopu inali yopepuka,
moti ndinaipinda pawiri
n'kugulira nthochi za dola imodzi, zodya m'njira.